Wakuba Wayifayi ya Namba Naini

"Achemwali, ndithandizeni, ndikufa ine!"

Kamphepo anadzutsa mutu. Pa kauntala ya shopu yawo yolumikizira anthu intaneti panaima mnyamata wamtali, atakumbatira rauta, kabokosi kogawa wayifayi m'nyumba, ngati khanda lodwala. Mtsikanayu anzake a pantchito ankamutcha Kamphepo chifukwa ntchito ya tsiku lonse ankaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Koma tsiku limeneli miyendo inakana kunyamuka msanga. Maso a mnyamatayo!

"Mukufa ndi chiyani, achimwene? Kuno si kuchipatala."

"Gemu! Ndimasewera mpira wa pa intaneti, anzanga amanditcha Namba Naini. Koma masiku ano ndikati ndimenye mpira, wosewera wanga amangouma. Pomwe azitsitsimuka, andichinya kale ziwiri. Rauta iyi yafa, ndigulitseni ina."

Kamphepo anaiyesa. Inali yabwinobwino.

"Kunyumba mumaiika pati?"

"M'kabati yachitsulo, kuseri kwa firiji. Ndimaopa fumbi."

Mtsikanayo anaseka mpaka misozi. "Inuyo atakutsekerani m'kabati yachitsulo, mungamveke mukamakuwa?"

Loweruka anapita kunyumba kwa mnyamatayo ndi chikwama chake cha zipangizo. Anaitulutsa rauta ija m'ndende mwake n'kuikhomera pamwamba, pakati penipeni pa nyumba, kutali ndi firiji. Kenako anakoka waya wautali kuchokera pa rauta mpaka pa makina a gemu.

"Wayifayi isiyireni mafoni. Gemu imafuna waya, sukhumudwitsa. Mwaiona nambala ili pakonayi? Imatchedwa pingi. Ikakula, gemu imachedwa. Poyamba inali pa 300."

"Pano ili pa 24! Mayo ine!"

Pasanathe mphindi ziwiri, Namba Naini anachinya chigoli. Analumpha pampando, n'kuzungulira tebulo akukuwa, kenako anagwada pamaso pa mtsikanayo.

"Dokotala wanga! Kodi manja amenewa ali ndi mwini wake?"

Kamphepo anayang'ana pansi, akupinda waya wotsala yemwe anali atamupinda kale.

Basitu zinayambira pomwepo. Tsiku lililonse asanafike kuntchito, uthenga unali utalowa: "Wadzuka bwanji duwa langa? Dzulo ndawina katatu, koma mphoto yanga yeniyeni ndiwe." Masana unkabwera wina: "Wadya, dokotala? Usakwere padenga ndi njala, mtima wanga ungagwe nawe."

Ndipo malonjezo! "Ine sindidzakuliritsa." "Chaka chino sichitha usanalowe m'nyumba muno ngati mwini wake." Ndani sakanakhulupirira?

Mauthenga onsewa Kamphepo ankawerengera limodzi ndi msuweni wake, yemwe ankakhala naye chipinda chimodzi cha lendi. Anakulira limodzi, ndipo nsapato ndi mafuta odzola ankabwerekana osapempha. Msuweniyo anakumanapo ndi Namba Naini kamodzi kokha, tsiku lomwe mnyamatayo anaperekeza Kamphepo mpaka pakhomo.

"Asuweni, apa mwatola! Alamu anga amenewa mundipatse nambala yawo, tsiku lina foni yanu ikadzazima ndidzakufunireni kumeneko."

Patapita miyezi inayi, Namba Naini anaimba foni akudandaula.

"Wokondedwa, matenda aja abwereranso! Lachiwiri ndi Lachinayi masana gemu ikumaumanso."

Kamphepo anathamangirako. Pa foni yake anatsegula mndandanda wa zipangizo zonse zomwe zinkalowa pa rauta ija. Makina a gemu analipo, foni ya Namba Naini inalipo, yakenso inalipo. Koma panalinso foni yachitatu, yopanda dzina.

"Wakuba wako ndi uyu. Akumaonera mafilimu masana, ndiye gemu yako ikumasowa podutsa."

"Mafilimu amachedwetsa gemu?" Namba Naini anatong'ola maso, n'kumeza malovu. "Ndiye... ndi maneba amenewa! Anthu opanda manyazi!"

"Usadandaule, ndiwakhaulitsa."

Anasintha pasiwedi nthawi yomweyo. Anaika yaitali, yophatikiza tsiku lomwe anakumana ndi kadzina komwe ankaitanana ali awiri okha.

"Usauze munthu."

"Ndiuze ndani? Ichi ndi chinsinsi cha ine ndi iwe, mpaka imfa!"

Milungu itatu inadutsa. Ndiye Lachisanu lina, Kamphepo ali pamwamba pa makwerero, uthenga unalowa: "Lamlungu uvale diresi yako yofiira ija. Ndili ndi funso limodzi, ndipo yankho lake ndikulifuna ndikukuyang'ana m'maso."

Anatsala pang'ono kugwa! Funso? Funso lanji lofuna diresi yofiira, ngati si la mphete?

Lamlungu anadzuka m'mamawa, n'kusita diresi ija kawiri.

"Msuweni, vala tizipita. Ukandijambule akamagwada."

"Iii, asuweni, mutu ukundiwawa. Pitani nokha."

"Mutu wa chiyani lero? Dzuka!"

"Komanso ndilibe bandulo, inatha dzana. Zithunzizo ndikutumizirani bwanji?"

"Kujambula sikufuna bandulo. Tiye!"

Anamukoka dzanja mpaka pa siteji ya basi. Njira yonse Kamphepo ankangolankhula: za keke, za nyimbo, za mtundu wa nsalu yomwe msuweni wakeyo adzavale poperekeza mkwatibwi. Mnzakeyo ankangoyang'ana pawindo.

Atatsika, msuweniyo anafunsa, "Kodi nyumba yake ndi iti? Ine kuno n'kwachilendo."

"Ya geti yobiriwirayo."

Analowa pageti. Namba Naini anatsegula chitseko atavala jekete, maluwa ali m'manja. Ataona kuti abwera awiri, kumwetulira kunazima pang'ono.

Pomwepo m'kachikwama ka msuweni munamveka phokoso. Ting! Ting! Ting-ting-ting! Mauthenga a masiku awiri ankalowa motsatizana, osapumira.

Kamphepo anaima. Foni yopanda bandulo ilandira bwanji mauthenga a pa intaneti? Iye ntchito yake inali yomweyi. Ankadziwa bwino kuti foni imalowa yokha pa wayifayi yomwe inalowapo kale, ndiponso pokhapokha ngati pasiwedi yomwe inasunga ndi yatsopano.

Anatulutsa foni yake n'kutsegula mndandanda uja. Foni yachitatu ija inali itangolowa kumene.

"Msuweni, tandipatsa foni yako."

"Asuweni, ine..."

"Ndipatse!"

Anaizimitsa. Pa mndandanda, foni yachitatu ija inasowa. Anaiyatsanso. Inabwerera.

"Wati kuno n'kwachilendo?"

Msuweniyo anagwira pakamwa n'kuyamba kulira.

"Duwa langa, tamvera," Namba Naini anayamba. "Zinali zachibwana chabe. Ndinamuuza kale kuti zithe, n'chifukwa chake lero ndagula mphete. Tayang'ana, iyi!"

"Unamuuza liti? Pasiwedi ndinasintha milungu itatu yapitayi. Unamutchulira wekha, chilembo chimodzichimodzi, dzina lomwe umandiitana nalo! Ndipo unandiimbira foni ine, kuti ndidzakukonzere gemu yomwe ankachedwetsa ndi iyeyu, atakhala pambali pako!"



Kamphepo anatembenukira kwa msuweni wake. "Lachiwiri ndi Lachinayi unkati ukupita kokafunsira ntchito. Nsapato unkavala zanga."

"Pepani, asuweni..."

"Usandigwire."

Anamubwezera foni ija m'manja, n'kutuluka pageti osacheuka. Kumbuyo Namba Naini ankakuwa, "Dokotala! Wokondedwa! Tabwerera tikambirane!"

Anayenda mutu uli m'mwamba, misozi ikutsikira pa diresi yofiira. Pa foni yake timizere ta wayifayi ya nyumba ija tinkachepa pamene ankatalikira. Titatu. Tiwiri. Kamodzi.

Pa kamzere komalizako anaima pambali pa msewu, n'kutsegula dzina la netiweki ija, yomwe anaikonza ndi manja ake. Foni inamufunsa ngati akufunadi kuiiwala.

Anapukuta m'maso kuti aone bwino podina, ndipo anadina.