Mabuleki a Alamu

Nkhaniyi si yopeka. Wowotcherera zitsulo amene ali ndi shedi moyandikana ndi galaja imene zinachitikira alipo, ndipo mukamufunsa amayamba wazimitsa makina ake asanakuyankheni. Mlonda wa pamalopo nayenso alipo, ngakhale anasiya ntchito osatsanzika. Awiriwa si anthu omwera limodzi, koma zimene amanena n'zofanana.

Mwini galajayo ankadziwika ndi dzina loti a Mangitsa. Dzinali linabwera chifukwa munthu akamamanga tayala, iwo ankaima kumbuyo kwake n'kumakuwa kuti, "Mangitsa!" Anali makaniko wodalirika. Mlongo wawo, mmodzi yekhayo, anakwatiwa ndi bambo woweta nkhuku, munthu wansangala, amene ankaperekera mazira m'masitolo pa kagalimoto kake koyera. Kagalimotoko kakadwala, chipatala chake chinali kwa a Mangitsa.

Tsiku lina masana, mlamuyo anatulukira pagalaja mabuleki akulira ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko.

"Alamu, mwakamva? Kayamba kwaya aka," anatero akutsika.

A Mangitsa anasuzumira kuseri kwa tayala. "Mapadi anatha kale awa. Mwakhala mukuimira zitsulo zokhazokha."

Anakweza galimoto pa jeke, n'kuchotsa matayala akutsogolo. Mapadi akale anatuluka atapyapyala ngati lumo. Mbali yakumanja anaika atsopano, n'kumanga bwinobwino. Mbali yakumanzere anaikanso, ndipo bawuti yogwira chitsulo chopana mapadiwo anailowetsa ndi zala, kuti aimalize ndi sipanala. Nthawi yomweyo pageti panalira hutala. Inali galimoto yaikulu yakuda ya kasitomala wina wosakonda kudikira. A Mangitsa anapukuta manja n'kuthamangira komweko, mumtima akuti wachibale sathawa.

Pobwerera, mutu unali udakali pa galimoto yakudayo. Anaona bawuti ili pamalo pake, anabwezera tayala.

"Lowani mupope," anauza mlamu wawo, pakuti mapadi akakhala atsopano, buleki imafunika kuipondaponda mpaka italimba.

Mlamuyo analowa. Fuu, fuu, fuu. Kenako anaponda n'kugwira.

"Yalimba. Koma mwamanga zonse, alamu? Paja ndinakulandani mlongo ine, musandibwezere pa mabuleki."

Onse anaseka.

"Zonse. Pitani."

M'mawa mwake, kagalimotoko kanakana kuima pamtsetse wautali wotsikira pamlatho. Amene anaona akuti kanatsika hutala ikulira osalekeza, mlamuyo akukhotetsa uku ndi uku kupewa amayi ndi ana amene ankayenda m'mbali mwa msewu. Sanagunde munthu. Anakagunda khoma la mlatho. Mazira anamwazika msewu wonse.

Pamaliro, mlongo uja analirira paphewa pa a Mangitsa. "Achimwene, inu munayesetsa. Munali mutangowakonzera kumene." Anthu ankati galimoto inali yakale, ena ankati mtsetse umenewo unamaliza ambiri. A Mangitsa ankangogwedeza mutu.

Apolisi atamaliza zawo, chigoba cha galimotocho anachikokera kugalaja, poti kunalibe kwina kochisiya. Anthu atachoka, a Mangitsa anagwada mbali yakumanzere n'kusuzumira. Bawuti ikathyoka, chidutswa chimatsalira m'bowo. Bowoli linali loyera, mazinga ake ali bwinobwino. Padi imodzi panalibe. Anakhala chogwada kwa nthawi yaitali. Kenako anachotsa batire, anafunditsa chigobacho lona, ndipo sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo.

Choyamba chinali fungo. Dzuwa likamalowa, ntchito itatha, pagalaja pankamveka fungo la mabuleki opserera, lija limamveka lole ikatsika phiri italemedwa. A Mangitsa ankazungulira galimoto zonse akugwira matayala. Onse ozizira.

Kenako wowotcherera uja anawaitanira pambali.

"Kodi kagalimoto ka malemu kaja mwayamba kukakonza?"

"Ayi. Bwanji?"

"Dzulo ndikutseka, ndinaona magetsi ofiira akuyaka pansi pa lona."

"Batire ndinachotsa ine."

"Ndiye ndinaona chiyani?"

A Mangitsa anabwerera kuntchito yawo. Patangopita masiku ochepa, mlonda anasiya makiyi pawindo la ofesi n'kupita. Amene anakumana naye akuti anangonena kuti sangalondere malo amene munthu amapopa mabuleki m'galimoto yopanda munthu.

A Mangitsa anayamba kuwonda. Galimoto iliyonse ankaimanga, kuimasula, kuimanganso. Kasitomala akamatuluka ankamuthamangira mpaka pageti, sipanala ili m'manja, kuti aonenso. Anthu ankaseka, ankati ukalamba wayamba. Kunyumba, mkazi wawo ankawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi akupotokola zala m'malere, ngati munthu amene akulowetsa bawuti.

"Bambo, mukudwala?"

"Kutopa chabe."

Tsiku lina anatsala okha pagalaja. Dzuwa linali litangolowa, kunja kukadali mbuu. Ankasamba m'manja pampopi, akuchotsa girizi ndi sopo ndi mchenga. Wailesi ya pashopu yapafupi inazima. Agalu amene ankauwa kuseri kwa mpanda analeka. Madzi okha ndiwo ankamveka.

Anatseka mpopi.

Fuu.

Anaima chilili.

Fuu. Fuu.

Kenako zii. Pansi pa lona panayaka kuwala kofiira, ndipo sikunazime. Munthu anali ataponda n'kugwira.

Anayandikira chigobacho. Fungo la mabuleki opserera linawatsamwitsa, litasakanikirana ndi la mazira ovunda. Anagwira nsonga ya lona. Anakweza.

Pampando panalibe munthu. Magalasi osweka anali mbwee pamenepo, osasunthidwa. Koma chopondera buleki chinali pansi, chitakanikizidwa.

"Alamu," ananong'ona. "Siyani."

Sichinasunthe.

"Alamu, chonde."

Chitsulo china chinalira mkati mwa chigobacho, ngati galimoto imene ikuzizira itayenda ulendo wautali.

A Mangitsa anagwira chitseko chopindikacho. Mawu anatuluka okha. "Yakumanzere. Sindinamange."

Chopondera chija chinadzuka pang'onopang'ono. Magetsi anazima.

Usiku umenewo sanagone. Kutacha anakagula mapadi atsopano ndi bawuti yatsopano. Anadikira kuti anthu aweruke, n'kupempha wowotcherera uja kuti awaunikire ndi tochi.

"Mukukonza chigoba? Chipita kuti chimenechi?"

"Ingounikani."

Anakweza chigobacho pa jeke. Zitsulo zinali zopindika, moti anachita kuwongola ndi hamala kuti mapadi alowe. Analowetsa bawuti ndi zala. Kenako anatenga sipanala. Anamanga mpaka mkono unanjenjemera, misozi ikugwera pa ovolosi. Anabwezera tayala, anatsitsa jeke. Ndiye mwa chizolowezi cha zaka zambiri, pakamwa panangoyankhula pokha.

"Popani."

Fuu. Fuu. Fuu.

Wowotcherera akuti anaona ndi maso ake chopondera chikutsika n'kukwera, kenako n'kuima pakatikati, pamene buleki yolimba imaimira. Anaponya tochi pansi. Sakumbukira mmene anafikira kunyumba.

Kuyambira pamenepo, pagalaja panakhala bata. Fungo linatha. Usiku umenewo a Mangitsa anagona tulo koyamba chichitikireni maliro, ndipo anadzuka akuganiza kuti nkhani yatha, yathera pakati pa iwo ndi malemu.

Ali mkati motsegula galaja, anaona mlongo wawo ataima pageti. Maso ake anali otupa. Anakana mpando.

"Achimwene, pali chinthu chimene sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti anthu azinena kuti mutu wasokonekera."

"Nena, mlongo wanga."

"Chimwalirireni bambo a kunyumba, madzulo aliwonse ndimamva kagalimoto kawo kakubwera. Kulira kwake ndimakudziwa, sindingakusokoneze ndi kwina. Kamafika pageti hutala ikulira, n'kupitirira. Osaima. Tsiku lililonse, osaima. Dzulo kanaima."

A Mangitsa anatsamira khoma.

"Anatsika?"

"Ayi. Ndinatuluka. Pamsewu panalibe kanthu, koma injini inkalira pomwepo, pamaso panga. Ndinatsegula geti. Ndinawaitana. Sanalowe."

"Mwina ndi maganizo chabe."

Mlongoyo anapukusa mutu. "Mukudziwa mmene ankachitira akabwera kudzatenga munthu. Ankaliza hutala pang'ono, pi-pi, n'kudikira. Analiza. Ine ndili pomwepo, ndagwira geti. Analizanso." Anawayang'ana m'maso. "Achimwene, si ine amene akundidikira."

A Mangitsa anatsegula pakamwa. Mawu onse anali pomwepo, pakhosi, okonzeka. Anayang'ana nkhope ya mlongo wawo, yemwe iwo anamulera okha makolo atamwalira, yemwe ankawakhulupirira kuposa munthu aliyense. Anatseka pakamwa.

"Mubwere madzulo ano mudzamve nokha," anatero mlongoyo. "Ine ndekha sindingathe."

"Ndibwera."

Mpaka lero sanapite. Amatumiza ndiwo, amatumiza mkazi wawo, amaimba foni dzuwa lili pamutu. Mlongoyo akuti kagalimotoko kamabwerabe madzulo aliwonse, kamaima bwinobwino pageti, ndipo masiku ano kamadikira nthawi yaitali.