Tabitha Asankha Mbaula

Tabitha anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Iye ankafuna mnzake. Ankafuna mmodzi yekha.

Banja lake linali litangochoka ku famu. Tsopano ankakhala ku Unit O, dera la m'tauni pafupi ndi Harare. Nyumba zinali zambiri. Ana anali ambiri. Koma Tabitha analibe mnzake.

M'mawa bambo ankakwera basi ya ku Harare. Amayi ankasoka m'nyumba tsiku lonse. Tabitha ankaima pafupi ndi mpanda. Ana ankasewera mumsewu. Ankalankhula Chishona mofulumira. Tabitha ankamva pang'ono chabe. Ankangoyang'ana. Palibe amene ankamuitana.

Loweruka lina bambo anati, "Tiye, mwanangu. Tikasankhe mbaula yowotchera chimanga."

Anapita kwa a Stanislaus, mmisiri wa malata. A Stanislaus anawaonetsa mbaula zitatu.

"Iyi ndi ya makala," anatero. "Imawotcha bwino. Koma makala kuno ndi osowa."

Bambo anapukusa mutu.

"Iyi ndi ya parafini. Ilibe utsi. Mumaiyatsira m'nyumba, chitseko chili chotseka."

Bambo anamwetulira.

"Iyi ndi ya nkhuni. Ndinaipanga ndi ndowa yakale. Imafuka utsi. Malo ake ndi panja."

"Titenga ya parafini," anatero bambo. "Ife ndife alendo. Utsi ungakwiyitse anansi."

Tabitha anagwira dzanja la bambo ake.

"Bambo, chonde, titenge ya nkhuni."

"Chifukwa chiyani, mwanangu?"

"M'nyumba mulibe ana," anatero Tabitha motsitsa mawu.

Bambo anayang'ananso mbaula ya nkhuni. A Stanislaus anaseka.

"Achimwene, mlandu watha. Mwana wagamula."

Ananyamula mbaula ya nkhuni. Anaiika pabwalo. Amayi anasenda chimanga. Bambo anayatsa moto.

Koma nkhuni zinali zaziwisi. Moto unakana. Utsi unachuluka. Utsi unawoloka mpanda. Unafika pa zovala za anansi zimene zinali pachingwe.

Tabitha anayang'ana nyumba ya anansi. Kodi adzawakalipira? Kodi ana adzamuda?

Chitseko cha anansi chinatseguka. Mayi wina anatuluka akutsokomola.

"Achimwene, mukuwotcha chimanga kapena malaya a amuna anga?"

Anafunsa m'Chichewa! Tabitha anadabwa.

"Pepani, mayi," anatero bambo. "Tizimitsa pompano."

"Musazimitse," anatero mayiwo akuseka. "Ndimakumvani mukulankhula Chichewa. Makolo anga anachokera ku Dedza. Nkhuni zanuzo n'zaziwisi. Elsie! Bweretsa zitsononkho!"

Elsie anali mwana wawo. Anali wofanana msinkhu ndi Tabitha. Anabwera ndi beseni la zitsononkho zouma. Anazithira m'mbaula. Anagwada n'kuuzira moto.

Tabitha nayenso anagwada. Elsie anauzira uku. Tabitha anauzira uko. Moto unayaka. Utsi unachepa.

"Unonzi ani?" anafunsa Elsie m'Chishona.

Mawu awa Tabitha anawamva.

"Ndine Tabitha."

"Lankhula naye usaope," anatero amake Elsie. "Chichewa amamva chonse. Koma pakamwa pake m'pa Chishona."

Chimanga chinapsa. Chinanunkhira bwino. Tabitha anatenga chimodzi. Chinali chotentha kwambiri. Anachithyola pakati. Chidutswa chachikulu anapatsa Elsie.

Anadya pamodzi. Mphuno ya Elsie inada ndi phulusa. Tabitha anaseka. Elsie analoza mphuno ya Tabitha. Nayonso inali yakuda. Anaseka onse awiri.

Amayi anatulutsa mphasa. Amake Elsie anakhalapo.

Elsie anakoka dzanja la Tabitha. Analoza ana a mumsewu.

"Huya titambe," anatero. Ankamuitana kukasewera.

Tabitha anayang'ana bambo ake.

"Pita, mwanangu," anatero bambo. "Ukaitane onse. Chimanga chilipo chambiri."

Tabitha ndi Elsie anathamanga atagwirana manja.