Injini Yozizira Lolemba M'mawa

Galimoto yasiliva inalowa pagalaja Lachitatu masana, nthawi imene Namagetsi ankapukuta manja kuti adye. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake apantchito, chifukwa mawaya ndi mabatire ndiye inali mbali yake. Galajayo inali ya amalume ake, amene anamulera chimwalirireni mayi ake.

M'galimotomo munatuluka mnyamata wovala tayi yofiira, nsapato zili waliwali ngati sizinapondepo fumbi.

"Achemwali, ndithandizeni. Kanyali kachikasu kayaka. Ndatsegula boneti, ndafunafuna kandodo koyezera oyilo, sindikukaona. Kodi andibera?"

Namagetsi anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Sanakubereni, achimwene. Galimoto zamasiku anozi zina zimabwera zopanda kandodo. Pansi pa injini pali kachipangizo kotchedwa sensa. Ndi kamene kamayeza oyilo n'kukulemberani pakagalasi ka padashibodi."

"Zopusa!" anakuwa amalume ali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. "Galimoto yopanda kandodo ili ngati mkamwini wosadziwika kwawo. Umangomeza zimene wakuuza!"

"Musawamvere, amadana ndi chilichonse chokhala ndi batani," anatero Namagetsi. "Imikani apa posalaza, pasakhale popendekeka. Ndipo mumvetsetse: sensayi siyeza injini ikakhala yozizira. Galimoto iyambe yayenda kaye kwa theka la ola. Mwamva?"

"Ndamva," anayankha mnyamatayo.

Anamva chiyani? Maso ake anali pakabowo ka patsaya la mtsikanayo. Makutu anawasiya kunyumba.

Namagetsi anakhala pampando wa dalaivala, n'kudina mabatani a pachiwongolero. Injini inali yotentha bwino. Pakagalasi panaoneka kamzere koyenda pang'onopang'ono.

"Tsopano tidikire mphindi zitatu."

"Zitatu zokha? Simungaiuze kuti ichedwe?"

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa chibadwire sindinaonepo ovolosi ikumukhala munthu chonchi. Mukanakhala kuti mwavala diresi, bwenzi pano nditakomoka."

"Iii, achimwene! Pakamwa panupo oyilo ndiye alipo wambiri."

Mphindi zitatu n'zochepa, koma zimakwana kuti munthu ataye mtima wake. Pamene galimoto inalemba kuti oyilo waperewera lita imodzi, mnyamatayo anali atatenga kale nambala ya foni. Anyamata apagalaja anamutcha Tayi, ndipo dzinalo linamumatirira.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Namagetsi wanga, wandilumikizira mawaya a mtima molakwika. Nyali zonse zangoyaka."

"Duwa langa, wadya? Usamagwire zitsulo ndi njala."

"Wapamtima, ndikamwa madzi ndikumakuona m'kapu."

Mtsikanayo ankawerenga atabisala kuseri kwa mulu wa matayala, akumwetulira yekha. Ndani anamutchulapo duwa? Chiyambireni ntchito, amuna ankangomuitana kuti, "Iwe, tabwera ndi sipanala." Manja ake anali okhakhala, m'zikhadabo muli mwakuda. Koma Tayi ankawagwira manja omwewo n'kuwapsompsona.

Anamufotokozera moyo wake wonse. Anati amagwira ntchito muofesi, amagona m'zipinda za kuntchito zomwe salola alendo. Lachisanu lililonse amapita kwa mayi ake odwala, ulendo wa maola atatu, n'kubwerako Lolemba m'mawa.

"Amayi akangochira ndidzakutenga ukawaone," anamulonjeza. "Kenako mphete. Ndikulumbira, iwe ndiwe woyamba ndi wotsiriza. Ndikakunamiza, mwendo uwu uthyoke."

Amalume atamva za malonjezowo anangolavula pansi.

"Mwana iwe, munthu wolumbira asanafunsidwe ndimamuopa. Kuofesi kwakeko unafikako?"

"Ayi, malume."

"Mnzake ngakhale mmodzi unamuona?"

"Malume, si onse amene ali ngati azakhali, akazi anu aja anakuthawani!"

Mkuluyo anatola sipanala n'kubwerera kuntchito. Mawuwo anamulasa, ndipo mtsikanayo anachita manyazi, koma sanapepese.

Lolemba lina m'mawa, galaja itangotsegulidwa, Tayi anatulukira akuyasamula.

"Switi wanga, ndanyamuka mbandakucha. Maola atatu osaima paliponse! Ndati ndisanafike kuntchito ndione kaye nkhope yako."

"Pepa, wokondedwa. Amayi ali bwanji?"

"Choncho. Akufunsa za iwe."

Mtima wa Namagetsi unasungunuka. "Poti wayenda mtunda wautali, ndiyeze oyilo. Injini yatentha kale."

Anadina mabatani aja. Kamzere sikanabwere. Galimoto inalemba kuti singayeze, injini sinatenthe mokwanira.

"Ha? Maola atatu pamsewu?"

Tayi anasuzumira pakagalasipo. Kenako anaseka. "Amalume ananena zoona. Makinawa ndi abodza."

"Mwamva?" anafuula amalume, chimwemwe chitadzaza tsaya. Aka kanali koyamba kuti agwirizane ndi Tayi. "Ndinanena ine! Kandodo sikanama. Umazula, kupukuta, kubwezera, kuzulanso, n'kuona ndi maso ako. Osati izi zomauzidwa ndi kagalasi."

Apa ndi pamene Namagetsi analakwa. Panali awiri otsutsana: munthu ankati wayenda maola atatu, sensa inkati injini ndi yozizira. Iye anasankha munthu. Boneti inali pompo, akanatha kungoikapo dzanja. Koma ungakayikire bwanji pakamwa pamene pamakutcha duwa?

"Sensayi yafa," anagamula. "Ubwere nayo Lachinayi, ndiisintha."

Lachinayi sanadye masana. Anakweza galimoto pajeke, anakhuthula oyilo yense, anamasula sensa n'kuiponya mumgolo wa zitsulo zotha. Oyilo wotentha anamuwotcha pamkono, koma sanadandaule. Atamanga yatsopano n'kuthira oyilo wina, analemba makilomita pakapepala ka galaja n'kumata m'mphepete mwa chitseko, monga amachitira nthawi zonse. Anaiyendetsa theka la ola, anaimika posalaza, anadina. Inayeza bwinobwino.

"Waona? Ndakukonzera."

"Mkazi wanga wamawa!" anatero Tayi, akupsompsona pabala paja. "Ndikanakhala ndani popanda iwe?"

Lolemba lotsatira anabweranso akuyasamula, ndi nkhani yomwe ija ya mbandakucha. Namagetsi anadina monyadira.

Injini sinatenthe mokwanira.

"Iyinso?" anatero Namagetsi.

"Anakugulitsa yachinyengo," anatero Tayi msangamsanga, akuyang'ana wotchi. "Ndachedwa, mtima wanga."

Ulendo uno amalume sanaseke. Anayandikira ngati akufuna kupukuta fumbi, n'kugoneka chikhatho paboneti. Anachisiya pamenepo kanthawi. Galimoto itatuluka pageti, anamuitana mwana wa mlongo wakeyo.

"Khala apa."

"Ndili ndi ntchito, malume."

"Khala. Ukudziwa kuti ine ndi sensa sitimwerana madzi. Zikundiwawa kunena izi. Koma kachinthu kaja sikananame. Boneti ija ndi yofunda ngati tiyi wa mwana. Galimoto yoyenda maola atatu ndikanapsa chikhatho."

"Mwina anaima penapake."

"Wanena yekha kuti sanaime. Munthu uja wagona pafupi pompano."

"Mumangodana naye! Mukufuna ndikalambire pansi pa magalimoto ngati inu!"

"Ndikanadana naye bwenzi nditakhala chete kuti akumalize. Wakutsina khutu ndi mnansi. Akadzabweranso ukaone kapepala kako ka pachitseko. Makilomita sadziwa kufunsira."

Namagetsi anapita kuseri kwa matayala, misozi ili chuchuchu. Analemba: "Wokondedwa, undiuze zoona. Kumapeto kwa sabata umakhaladi kwa amayi?"

Yankho silinachedwe. "Duwa langa, wandilasa mtima! Ine ndikuvutika ndi matenda, iwe ukundikayikira chifukwa cha kachitsulo? Usankhe: ine kapena makina."

Amene anapepesa ndi Namagetsi. Kawiri konse.

Sabata imeneyo Tayi sanabwerenso ndi galimoto pagalaja. Lachisanu anatsanzika pafoni kuti wanyamuka kupita kwa mayi ake.

Loweruka m'mawa Namagetsi ali kalikiliki ndi batire, anamva kulira kwa injini kumene ankakudziwa ngakhale atatsinzina. Galimoto yasiliva! Anataya sipanala n'kuthamangira kugeti.

Amene anatsika anali mayi wamng'ono, wankhope yaulemu. Kumbuyo, pakampando ka ana, kunali mwana wa miyezi yochepa akuyamwa chala.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Ndaona kapepala kanu pachitsekopa, ndiye ndati ndibwere komwe kuno. Mawa tili ndi ulendo wautali. Bambo akunyumba akadali mtulo, ndiye ndati ndiwayezetsere oyilo. Iwo za galimoto sadziwa kanthu, amangodziwa kumanga tayi."

Mayiyo anaseka.

"Ulendo wa kuti, mayi?"

"Kwa apongozi anga. Chaka chino chiyambire sitinapiteko."

"Akudwala?"

"Apongozi? Aja ndiye chitsulo! Amandiposa ine mphamvu."

Namagetsi analowa m'galimoto. Anadina. Injini sinatenthe mokwanira.

"Mwachokera kutali?"

"Ayi, pafupi pompa, kuseri kwa sukuluku. Mphindi zisanu basi."

Maso ake anapita pakapepala kaja, kenako padashibodi. Chisinthireni sensa, galimotoyo inali itayenda makilomita makumi asanu ndi anayi okha. Ulendo umodzi wa kwa mayi odwala ukanadya mazanamazana.

Auze mayiyu? Anene kuti chiyani? Anayang'ana mwana uja. Makutu ake anali a Tayi enieni, otambalala ngati zitseko zotsegula.

"Mayi, galimotoyi siyeza injini ikakhala yozizira. Kayendeni nayo theka la ola, mubwerenso."

Mayiyo atachoka, amalume anabwera n'kuima pambali pake.

"Akabwera ndiyeza ndine. Undionetse batani lake."

"Ayi, malume. Ntchito ndinaiyamba ndine."

Mayiyo anabweradi. Anaimika posalaza pomwe paja. Namagetsi anadina, kamzere kanayamba kuyenda. Mphindi zitatu zomwe zija! Tsiku loyamba zinatha ngati kuphethira. Lero zinali ngati chaka.

"Ndinu wokwatiwa, achemwali?" anafunsa mayiyo.

"Ayi."

"Mudzapeza wabwino. Mtsikana wodziwa ntchito ngati inu sasowa. Koma muzisankha bwino, amuna amasiku ano ndi akamberembere. Ine ndinangochita mwayi."

Foni inanjenjemera m'thumba la ovolosi. Namagetsi anaitulutsa.

"Duwa langa, ndili pambali pa bedi la amayi, ndikuwamwetsa mankhwala. Sindinagone. Koma ndikaganiza za iwe kutopa konse kukutha. Wako mpaka imfa."

Kamzere kanafika kumapeto.

"Oyilo ali bwino, mayi. Muyende bwino mawa."

"Zikomo, achemwali. Mwatani m'maso?"

"Utsi."

Galimoto itazimiririka, anakhala pathayala n'kulemba uthenga umodzi wokha.

"Oyilo ali bwino, ndayeza ndekha. Mawa ukawapatse moni amayi. Mwana wako watenga makutu ako. Mwendo uja usathyoke, uziyendera polera mwanayo. Kuno usadzapondenso."

Foni inalira nthawi yomweyo. Inaliranso. Mauthenga anagwa ngati matalala: "Ndikufotokozera!" "Si mmene ukuganizira!" "Uja ndinamukwatira mokakamizidwa!" Namagetsi anaithimitsa.

Pamenepo ndiye analira. Analira ngati tsiku limene anaika mayi ake m'manda. Anyamata apagalaja anazemba mmodzimmodzi, aliyense kukapeza chochita kuseri. Amalume sananene kuti ndinakuuza. Anangokhala pansi pafumbi pambali pake, mawondo akulira, n'kumupatsa kansalu kopukutira manja, koyera kuposa tonse.

"Malume, za azakhali zija, pepani."

"Zisiye. Inenso nthawi imeneyo boneti inali pafupi, sindinaigwire."

Misozi itaphwa, Namagetsi anadzuka n'kupita pamgolo wa zitsulo zotha. Anapisa mkono mpaka paphewa, kufukula mabawuti ndi zidutswa, mpaka anaipeza sensa yakale ija. Anaitsuka ndi petulo, anaipukuta, n'kuiika pashelefu pamwamba pa mabatire.

"Ukuisungiranji?" anafunsa amalume.

"Ilibe mlandu. Inandiuza zoona tsiku loyamba, ine n'kuitaya."

Mkuluyo anaiyang'ana nthawi yaitali, milomo ataipinda ngati wamwa mankhwala owawa.

"Ndimadana nayobe," anatero. Kenako anaikankhira mkati pang'ono, kuti isagwe.