Kapu Yoyamba ya Kachasu

Lines anawapeza amayi ake, a Esnat, atapindika kuseri kwa nyumba, mawondo ali pachifuwa, akusanza ndulu yokhayokha. Ululu unkayambira pamwamba pa mchombo n'kubowola mpaka kumsana. Mtsikanayo anathamangira kwa a Hamdani, oyendetsa lole amene ankakhala nawo moyandikana ku Limbe, ndipo iwo anawatengera amayiwo kuchipatala ku Blantyre.

Magazi atayezedwa, kunabwera a Aloysius, wothandizira dokotala.

"Kapamba wanu watupa, mayi. Timadzi take togaya chakudya tachuluka m'magazi, ndipo tikumudya iye mwini. Nthawi zina zimayamba chifukwa cha timiyala ta m'ndulu, koma inu mulibe. Mumamwa mowa?"

"Ine ndine wa Mvano, bambo," anayankha a Esnat. "Sindimwa."

Mumtima mwawo sankanama. Chiwatsekereni amuna awo ku Kanjedza mu 1959, a Esnat ankadyetsa ana potcheza kachasu mobisa. Koma kachasu ali ndi lamulo lake: mwini mowa ayambe walawa, wogula aone kuti mulibe mankhwala. Wabwera uyu, alawe. Wabwera uyo, alawenso. Pofika madzulo, mayi wosamwa mowayo ankayenda mogwira khoma.

Lines anagwira njakata. Akaulula, nkhani ingafike kupolisi, ndiye kunyumba kutsale ana okhaokha. Akakhala chete, amayi apita. Anachita mantha kwambiri, komabe anatsegula pakamwa.

"Amalawa, bambo. Kwa wogula aliyense."

Amayi ake anamuyang'ana ndi diso loipa. A Aloysius anatsitsa mawu.

"Ine si wapolisi. Koma mukalawanso, ngakhale pang'ono, sindikudziwa ngati tidzakudzutseni."

Atatuluka m'chipatala anapeza ufa utatha. Anayesa kugulitsa zitumbuwa pamsika, koma ogulitsa zitumbuwa ankachuluka kuposa ogula. Ana atagona ndi njala kawiri, a Esnat anatulutsanso mbiya ndi mpope zotchezera kachasu.

Woyamba kufika anali a Paston, kasitomala wakalekale. Anathiridwa mowa, iwo n'kubweza kapu kwa mwini wake.

"Yambani ndinu, mayi."

"Ndadwala, a Paston. Mukundidziwa ine, ndingakupheni?"

"Kudziwana n'kwina, mwambo n'kwina. Mowa wosalawa mwini ine sindimwa."

A Esnat anayang'ana kapu ija ili m'manja mwawo. Lines anawalanda msanga.

"Ndilawa ine, amayi. Kuyambira lero ndizilawa ine."

Kapu isanafike pamlomo, a Esnat anaimenya ndi dzanja, mowa wonse n'kutayikira m'fumbi. Anamuyang'anitsitsa mwanayo, ali mu yunifolomu ya sukulu, misozi n'kuyamba kutsika. Kenako anatenga musi, nalowera kuseri. A Paston anamva kuphwanyika kwa mbiya, navala chipewa chawo mwakachetechete.

"Nanga mawa tidya chiyani, amayi?" anafunsa Lines.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero a Esnat, musi uli m'manja. "Koma sitidya iwe."