Wogwira Ambulera

Anakumana mu shopu yotsukira zithunzi momwe mtsikana wina ankagwira ntchito. Wojambula wina anabweretsa khadi la kamera lodzaza maluwa akutchire okhaokha.

"Koma achimwene, anthu oti muziwajambula anatha kodi?" mtsikana anamuseka.

"Maluwa sanama, achemwali. Loweruka tiyeni mukadzionere."

Anapitadi. Chigwa chonse chinali chikasu chokhachokha, mvula itangoyamba kumene. Wojambula ankagona chafufumimba pafupi ndi duwa, mtsikana atagwira ambulera yake yofiira kutchinga mphepo kuti duwalo lisagwedezeke. Mkono kuwawa, minga kumulasa, iye kumangomwetulira. Chikondi chimapusitsa bwanji!

"Samala popondapo, Duwa langa! Amenewa amangokhala masabata atatu basi."

Mtsikana ankayenda monyang'ama ngati wakuba. Akafika kunyumba foni inkalira: "Popanda iwe kamera yanga ndi yakhungu."

"Nanga ineyo udzandijambula liti?" anafunsa tsiku lina.

"Tsiku lomwe ndidzakuveke mphete. Pali malo amene ndakusungira, pakati penipeni pa maluwa."

Loweruka lachitatu kunabwera uthenga: "Lero kuli mitambo, sindipita. Ambulera yako ndikusungira."

Lolemba wojambula analowa mu shopu mothamanga, n'kusiya khadi patebulo. "Unditsukire khumi zoyambirirazo, ndibwera masana." Makhadi ake onse anali ofanana, ndipo sankawalemba.

Mtsikana atalitsegula pa kompyuta, anapeza zithunzi za Loweruka lomwelo. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Pakati pa chigwa panagona mkazi wina, akuseka, mphete ikuwala pachala. Maluwa aja, omwe iye ankaopa kuwakhudza ndi chala chakuphazi, anali ataphwanyika pansi pa msana wa mkaziyo. Pambali pake panali ambulera yofiira.

Analira? Ayi. Mkwiyo unaumitsa misozi. Anatsuka zonse khumi, mitundu n'kuikonza bwinobwino monga mwa ntchito yake.

Masana wojambula atatsegula envulopu, anazindikira kuti anasiya khadi lolakwika.

"Duwa langa, ndimvetsere kaye, ameneyu ndi..."

"Munanena nokha, achimwene, kuti maluwa sanama. Ndafufuza zithunzi zanu zonse zili mu kompyutamu. Ine ndapezekamo kamodzi: chala changa, m'mphepete, chitagwira ambulera."

"Ndingakufotokozere."

"Musavutike. Mungondibwezera ambulera yanga. Mvula ikadalipo."