Nyali ya Eben Tallentire

Wilfred Raine analakwa kawiri. Koyamba anatulutsa thumba nthawi isanakwane. Kachiwiri, atamufunsa, ananamizira munthu wakufa. Choyambacho mwina Mulungu angachimvetse. Chachiwirichi ndiye kaya.

Wilf ankagwira ntchito m'bogi ya makalata, pa sitima ya pamtunda yausiku yopita kumpoto. Anzake ankasankha makalata chiimirire, kumawaponya m'timabokosi ta kukhoma. Iye anali wa pachitseko. Sitimayo sinkaima m'malo ang'onoang'ono. Ikamayandikira, Wilf ankakankhira kunja mkono wachitsulo wokolekapo thumba lachikopa, lolemera ngati nkhosa, kuti ukonde wa m'mphepete mwa njanji ulikwatule. Ankatsitsanso ukonde wa bogi kuti uwakhe thumba limene munthu wa pansi wakoleka. Zonsezi mumdima, sitima ili pa liwiro. Malo ankawadziwa ndi khutu basi. Pa Harrowbeck unkadikira mlatho woyamba uphokosere, kenako wachiwiri, ndiye n'kukankha.

Usiku wina tulo tinamuba chiimirire. Atadzidzimuka anamva mlatho, n'kuyesa ndi wachiwiri. Anakankha.

Eben Tallentire, mkulu wokoleka matumba pa Harrowbeck, anali akuyenda m'mphepete mwa njanji, nyali kumanja, podziwa kuti pakati pa milatho iwiriyo sipatuluka kanthu. Thumba linamumenya m'khosi, n'kupitiriza ulendo wake mpaka mu ukonde ngati palibe chachitika. Eben anafera pomwepo.

Atamuitana akuluakulu, Wilf anati, "Ine ndinakankha pamalo pake, bwana. Koma nyali ija ndinaiona ikudzandira, ikulowera kusitima. Ngati ya munthu woti walawako."

Eben sanalawepo mowa chibadwire. Ndiye ankayambitsa nyimbo kutchalitchi. Mkazi wake, Hester, analeka kupita kumapemphero chifukwa cha maso a anthu, ndipo ana ake anakula akutchedwa ana a chidakwa. Wilf anazimva zonsezo. Anakhala chete. Ankaopa kuchotsedwa ntchito, ankaopa ndende.

Zaka zinapita. Pa Harrowbeck anazulapo zitsulo zonse, makalata akumeneko n'kumapita pa galimoto. Wilf anamera imvi.

Usiku umene ndikunenawu unayamba ngati wina uliwonse. Kunja kunali nkhungu, m'bogi mukununkha chikopa ndi fodya. Dinny Mulcaster, wosankha makalata wa pakamwa posatseka, anabwera kwa Wilf ndi ketulo.

"Madala, tiyi uyu. Ndathira shuga wambiri kuti mano otsalawo agwere limodzi."

"Iwe, tasankha makalata uko. Dzulo kalata ya abusa unaiponya m'thumba la kundende."

"Nanga sinafike kwawo?"

Onse anaseka, ngakhale a Ogle akapitawo, amene kuseka kwawo kunali kwa apo ndi apo.

Mlatho woyamba unaphokosera. Wilf anayang'ana m'kapu, monga ankachitira nthawi zonse akafika pamenepa.

Go, go, go. Pachitseko.

"Miyala imeneyo," anatero a Ogle.

Kunagogodanso. Mwapang'onopang'ono. Kugogoda kwa munthu waulemu, wosafulumira.

Kenako belu linalira, lija lochenjeza kuti ukonde watsika. Asanatembenuke n'komwe, phuu! Thumba linagwera m'bogi, n'kugubuduka mpaka pamapazi a Wilf.

"Watsitsa ukonde ndani?" anafunsa a Ogle.

"Bwana, manja anga ndi awa." Manja a Wilf onse awiri anali atagwira kapu.

"Pano ndi pati?" anafunsanso a Ogle.

Onse ankadziwa.

"Pa Harrowbeck palibe chokolekera," anatero Dinny, mawu atachepa. "Anazula ine ndisanayambe ntchito."

Thumbalo linali lonyowa, lomera ndere m'malamba, lonunkha dothi. Mwambo wa m'bogi ndi wakuti thumba lililonse lolowa amamasula ndi wa pachitseko, nthawi yomweyo. Wilf anagwada. Lamba woyamba anaduka yekha chifukwa chowola.

Munalibe kalata ngakhale imodzi. Munali nyali. Galasi lake losweka, chitsulo chophwanyika mbali imodzi. Wilf anaikhudza, n'kubweza dzanja msanga.

Inali yotentha.

Apa ndi pamene anazindikira china. Kuchoka pa mlatho woyamba kufika pa wachiwiri sipatenga nthawi, umangopuma kangapo wafika. Koma mateyala ankangolira pa njanji, kulira, kulira. Osankha makalata onse anali ataleka ntchito, makutu ali tcheru.

"Mlatho wachiwiri uli kuti?" anafunsa Dinny. "Akuluakulu, mlatho uli kuti?"

Go, go, go.

"Musatsegule, madala. Chonde. Za mano zija ndimangocheza."

A Ogle sanayang'ane chitseko. Anayang'ana Wilf. "Raine, nyali iyi ukuidziwa?"

Wilf anadzuka. Anagwira chitseko, n'kuchikokera pambali. Mphepo yozizira inalowa, makalata n'kuuluka m'bogi monse.

Munthu ankayenda m'mphepete mwa njanji.

Ankayenda pang'onopang'ono, monga amayendera munthu wopita kuntchito imene anaizolowera. Sitima inali pa liwiro lake lonse, koma iye sankatsalira. Anali pomwepo, moyang'anizana ndi chitseko, mu kuwala kochokera m'bogi. Jekete la positi lakale. Mutu utagona paphewa. Dzanja lamanja analitambasula ngati wanyamula nyali, koma munalibe kanthu.

Sanamuyang'ane Wilf. Ankangoyenda.

Ndipo ankayenda mowongoka. Phazi apa, lina apa, ngati amutambasulira chingwe. Osapendama, osapunthwa, ngakhale pa miyala yoterera ija. Ankamuonetsa Wilf kayendedwe kake.

Wilf anayesa kunong'ona zoona zake, kuti amve ndi woyendayo yekha. Mphepo inatenga mawuwo. Munthu uja anapitiriza kuyenda, ndipo mlatho sunabwere. Pamenepo Wilf anadziwa kuti zonong'ona sizikufunika. Bodza lija analinena mokweza, anthu akumva, ena akulemba.

Kumbuyo kwake kunali akapitawo, munthu woti pofika m'mawa nkhani aifikitsa kwa akuluakulu. Kunali Dinny, woti pofika madzulo aifikitsa kwa wina aliyense. Ntchito ithera pomwepo. Ndipo ku Harrowbeck kunali Hester, mayi wokalamba amene adzafunike kumuyang'ana m'maso.

Anatola nyali ija, ikumuotcha m'manja, n'kuima pakhomo kuti a kunja ndi a m'kati amve chimodzimodzi.

"A Tallentire! Ndine Wilf Raine. Simunamwe, bambo, simunadzandire. Ndinagona ndine, ndinakankha pa mlatho woyamba ndine. Ndinakuphani, kenako ndinakunamizirani, akazi anu ndi ana anu n'kusenza manyazi anga. Ndikanena ku Harrowbeck, pakhomo pa tchalitchi, masana dzuwa likuswa mtengo. Pepani, bambo. Pepani kwambiri."