Meleri M'kati mwa Nsalu ya Mari

Mvula ya ku Maesteg ilibe ulemu. Tsiku limenelo inam'peza Meleri pa siteji ya basi atangoweruka ku bekale komwe ankagwira ntchito, ufa udakali m'tsitsi, ambulera ataiwala kunyumba.

"Pepani achemwali, basi ya ku Bridgend yadutsa kale?"

Anacheuka. Anali mwamuna wamtali, wa ndevu zosamalika, jekete itanyoweratu.

"Yadutsa. Mudikira ola lathunthu."

"Limodzi lokha? Bwenzi atakhala awiri." Anamwetulira. "Ndine Iestyn. Nanga inu amene mukununkhira buledi chonchi, ndinu ndani?"

Kunena zoona, mawu amenewa ndi otchipa. Akanandiuza ine, ndikanam'seka mpaka misozi. Koma Meleri anaseka kuseka kwina, kuja kwa munthu amene waterereka kale. Pomwe basi imafika, anali atapatsana manambala.

Kuyambira pamenepo foni ya Meleri sinapumenso.

"Duwa langa, wadzuka bwanji? Nyanja yakwiya lero, koma ndikakuganiza ndimaiwala mafunde."

"Mtima wanga, ndikanakhala mbalame bwenzi nditatera pawindo pako."

Iestyn ankati amagwira ntchito m'sitima ya pamadzi yochoka ku Fishguard kupita ku Ireland. Masabata awiri panyanja, masiku atatu kumtunda. Akabwera ankayenda naye Meleri m'mapiri, kum'gulira tchipisi ndi nsomba, kum'gwira dzanja ngati sadzalisiyanso. Akapita, foni yake inkazima madzulo aliwonse.

"Bwanji sumayankha ndikakuimbira?"

"Pakati pa nyanja palibe netiweki, wokondedwa. Ukundikayikira?"

Meleri ankachita manyazi n'kupepesa. Koma nanga mauthenga aja ankadutsira pati ngati netiweki kunalibe? Akafuna kufunsa, uthenga wina wokoma unkalowa, funso n'kusungunuka.

Amayi ake okha ndiwo sankasungunuka.

"Miyezi isanu ndi itatu, munthu osaponda pakhomo pano! Ameneyu ndi mwamuna kapena mzukwa? Ngakhale Mayi Woyera, mzukwa wa pamlatho uja, anthu amamuonako kamodzi pachaka."

"Amayi, inunso! Ndi ntchito."

"Ntchito! Bambo ako ankatuluka mumgodi ali bii, koma ankafika kwathu kudzapereka moni."

Mu Disembala, Iestyn anam'gwira mapewa onse awiri n'kulonjeza.

"Likafika tsiku la Dwynwen, tsiku la okondana, pa 25 Januwale, ndikuveka mphete pamaso pa amayi ako. Ndapeza kanyumba ku Fishguard, koyang'ana kunyanja. Siya ntchitoyo, mfumukazi yanga. Ufa wakukwana."

Meleri anasiyadi! Analemba kalata ku bekale kuti mwezi wa Januwale ukatha sadzabweranso. Anayamba kulongedza zovala m'makatoni. Usana ankaimba, koma akakhala yekha ankangoti ndwii kuyang'ana makatoniwo. Kodi chikondi chimatere? Munthu n'kusangalala uku ali ndi mantha?

Patapita masiku atatu chichitikire Khirisimasi, amalume ake a Talfryn anatulukira ali wefuwefu. Iwowa ndiwo mtsogoleri wa gulu lathu loyenda ndi Mari Lwyd, hatchi ija ya chibade chokhachokha imene timazungulira nayo m'makomo chaka chikamatha, kuti ibweretse mwayi.

"Meleri, tavala nsapato zolimba. Emrys amene amasenza Mari uja wathyoka msana, palibe wina womusenza."

"Ine, amalume? Chiyambire mkazi anasenzapo?"

"Ndani adzadziwe? Uli m'kati mwa nsalu. Ndiwe wamtali, basi zakwana. Atiitana kuseri kwa phiri, ku famu ya Pant-y-gog. Gulu la kumeneko linatha kalekale, ndiye mayi wa pakhomopo wachonderera kuti tipite."

Anam'patsa mtengo umene chibade chija chimakhalapo, maso ake a mabotolo obiriwira, maliboni ndi timabelu tili lendelende. Anam'funditsa nsalu yoyera mpaka kumapazi, n'kumuonetsa kachibowo koonerapo ndi chingwe chotsegulira nsagwada.

"Uziluma anthu, uziwathamangitsa, uzinunkhiza mowa wawo. Koma pakamwa pako tseka. Mari salankhula."

Anafika ku Pant-y-gog cha m'ma faifi, mdima wa nyengo yozizira utayamba kale. Chitseko chinali chotseka monga mwa mwambo. Mari salowa m'nyumba ulele. A panja amaimba kupempha malo, a m'nyumba amaimba kukana, kunyozana m'nyimbo mpaka wina mawu am'there.

A Talfryn anakhosomola n'kuyamba:

"Tafika, eni nyumba, tazizidwa kokwana,
Tsegulani chitseko, hatchi yathu ili ndi ludzu!"

M'katimo munamveka kuseka. Kenako mawu a mwamuna anayankha:

"Bwererani, zidakwa, mowa wathu ndi wochepa,
Hatchi yopanda mnofu imwera pati mowawo?"

Meleri anadzidzimuka, timabelu ta Mari n'kulira.

Mawu amenewo! Ayi, sizingatheke. Iestyn ali panyanja. M'mawa womwewo anali atalemba kuti, "Mafunde akula, duwa langa, undipempherere." Amuna a mawu ofanana alipo ambiri. Kapena nsaluyi ikum'tseka makutu? Kapena kum'sowa kwafika pomumva paliponse?

A Talfryn anabweza:

"Mwamuna woumira iwe, ndevu ngati tsache,
Mkazi wako ndi wabwino, anakutola kuti?"

Mawu aja anayankha, koma pakati pa mzere anaphulika kuseka, kuseka kokoka mpweya ngati wotsamwa. Meleri ankakudziwa kuseka kumeneko kuposa dzina lake.

Komabe mtima ndi wopusa, abale. Unayamba kum'pezera zifukwa. Mwina sitima sinanyamuke chifukwa cha mphepo. Mwina pano ndi pa mlongo wake. Mwina akufuna kudzam'dzidzimutsa mawa. Mwina, mwina, mwina!

Anaimbirana maulendo asanu ndi awiri, wa m'nyumba uja mawu n'kumuthera. Chitseko chinatseguka.

"Mwapambana, akuluakulu! Lowani, lowani!"

Anali iyeyo. Iestyn, atavala juzi yofiira ndi masilipasi a m'nyumba. Munthu savala masilipasi kwa eni ake.

"Tiye, Mari!" a Talfryn anakoka chingwe cha m'khosi mwa hatchi. Iwo sankam'dziwa Iestyn, ndi kale lonse anali asanamuonepo. Meleri analowa.

M'nyumbamo munali anansi khumi ndi angapo, moto uli lawilawi, patebulo pali makeke ndi mowa wotentha wa maapozi. Mayi wina wa nkhope yozungulira anabwera akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Anali woyembekezera, wotopa ndithu.

"Takulandirani! Ine ndine Tegwen, ndine ndinakuitanani. Agogo anga ankati nyumba imene Mari walowa, mwana amabadwa bwino." Anasisita chibade chija pamphumi. "Mari wokongola, utidalitsire kamwana kathu."

Mlongo wake ameneyu, Meleri anadziuza. Ndithu ndi mlongo wake. Taonani mphuno zikufanana.

Iestyn anabwera kumbuyo kwa Tegwen, nam'kumbatira, manja onse pamimba paja.

"Khala pansi, duwa langa, watopa. Mfumukazi yanga isaimirire chifukwa cha hatchi yakufa."

Anthu anaseka. M'kati mwa nsalu munali munthu akulira popanda mawu.

"Mari wafooka bwanji lero?" wina anafuula. "Taluma munthu, iwe!"

A Talfryn anam'gunda ndi chigongono. "Vina, mwana iwe, ukundichititsa manyazi," ananong'ona.

Meleri anavina. Inde, anavina! Anathamangitsa atsikana kuzungulira tebulo, analiza nsagwada kuti khwa! khwa! uku misozi ikulowa m'kamwa. Kenako anakatsamira pakona ngati hatchi yatopa. Mutu unali utazunguliratu. Maso ake anaona, makutu anamva, koma mtima unkakanabe. Mwina ndi mapasa? Anthu ena amabadwa awiri.

Anatsamiritsa mtengo uja paphewa, natulutsa foni m'thumba. Analemba ndi chala chimodzi.

"Uli kuti, wokondedwa?"

Anasuzumira pa kachibowo. Mwamuna wa juzi yofiira anagwira thumba lake. Anayang'ana mkazi wake, natembenukira kukhoma ngati akukonza nkhuni pamoto. Zala zinayenda msangamsanga.

Foni ya Meleri inawala m'kati mwa nsalu.

"Pakati pa nyanja, mtima wanga. Kuli mdima, kukuzizira, ndili ndekhandekha. Ndikuwerenga masiku kuti ndikuveke mphete."

Ndekhandekha! Ali ndi keke kukamwa!

Pamenepo chifunga chonse chinachoka m'mutu mwa Meleri, n'kutsala ululu wokhawokha. Ntchito wasiya. Makatoni wamanga. Amayi ake anawayankha mwano chifukwa cha munthu ameneyu. Analembanso.

"Nyanja yako ili ndi moto wabwino ndi mkazi woyembekezera. Tacheuka, Mari akukuona."

Iestyn anawerenga. Anacheuka pang'onopang'ono. Maso a mabotolo aja anali pa iye. Meleri anakoka chingwe kamodzi kokha. Khwa!

Foni inam'pulumuka, n'kutsetsereka pansi mpaka pamapazi a Tegwen, amene anali atakhala pampando.

"Iestyn, watani? Wayera ngati waona maliro ako omwe." Tegwen anaitola akuseka. Anayang'ana pagalasi. Kuseka kunazima. Anakweza chala, nawerenga mauthenga a m'mwamba, ena, enanso.

"Tegwen, bweretsa. Ndi mnzanga wa kuntchito, amakonda nthabwala..."

"Ntchito iti? Iwe umagulitsa chakudya cha nkhosa. Nyanja yake iti imeneyi?" Mawu ake anali otsika, koma nyumba yonse inamva. "Meleri ndi ndani?"

A Talfryn anatsitsa kapu yawo. Anayang'ana Iestyn, anayang'ana hatchi yawo, pakamwa pali yasa.

"Ndikufunsa, Iestyn. Meleri amene ukum'lonjeza mphete ndi ndani?"

"Ndine."

Mawuwo anachokera m'kati mwa nsalu. Mayi wina anakuwa, wina anagwetsa mbale. Meleri anapereka mtengo kwa amalume ake, navula nsalu ija. Tsitsi linali litamatirira kumaso, maso atatupa.

"Meleri, duwa langa, tamvera..."

"Usanditchule choncho! Duwa lako lakhala apo!" Anatembenukira kwa Tegwen. "Pepani, mayi. Sindinkadziwa. Ndikulumbira, sindinkadziwa. Anandiuza kuti ali yekha. Ndasiya ntchito chifukwa cha iyeyu."

Tegwen anagwira tebulo, nadzuka movutikira, napita kukatsegula chitseko. Mphepo yozizira inalowa.

"Tuluka, Iestyn."

"Mkazi wanga, pamaso pa anthu? Tikambirane..."

"Tuluka!"

Iestyn anayang'ana anansi ake mmodzimmodzi. Palibe anam'yang'ana. Anatuluka ndi masilipasi omwewo, chitseko n'kutsekeka.

Anagogoda. Anaitana Tegwen. Kenako, mopanda manyazi, anaitana Meleri. Ndipo apa ndiye pomvetsa chisoni: phazi la Meleri linasuntha lokha kulowera kuchitseko. Ankam'kondabe! Munthu sasiya kukonda pa mphindi imodzi chifukwa choti waona zoona.

Tegwen anam'gwira dzanja.

"Musapite, achemwali. Inenso mwendo ukufuna, koma musapite."

Anakhala pansi awiriwo pa benchi imodzi, manja atagwirana, aliyense akulira zake. Kunja munthu uja anapitiriza kuitana, dzina ili, dzina ilo, osadziwa kuti ayambe kupepesa uti.